Sitima ya Ajeremani yomwe idagwidwa ili mtulo pa nyanja ya Malawi

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikatchulidwa, ambiri amaganiza za maiko akutali a ku Ulaya. Koma pasadathe sabata ziwiri dziko la Britain litalengeza nkhondo ndi Germany pa 4 Ogasiti 1914, mzinga udalira pa nyanja ya Malawi, nyanja yomweyi imene asodzi a ku Senga Bay, Chipoka ndi Lifuwu amaponyamo makoka ndi chilimira.

Womenyedwayo idali sitima yankhondo ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Idali sitima yaing'ono, ya mzinga waung'ono, koma mbiri yake ikukhudza malonda a akapolo, nkhondo ya Mlozi ku Karonga, mavuto a amtengatenga, mpaka mkangano wa malire a pa nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania.

Nyanja ya zombo za akapolo

M'zaka za m'ma 1880, nyanjayi idali msewu waukulu wa malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Ku Nkhotakota, Jumbe adali ndi zombo zamatanga zomwe zinkaolotsa anthu ogwidwa kupita tsidya la kum'mawa. Kuchoka kumeneko ankawayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja yamchere.

Gombe la Salima nalo lidali pa njira imeneyi. Pa Rifu, pomwe azungu adadzapatcha Leopard Bay, nyanja ndi yopapatiza, choncho padali poolokera pabwino kupita kwa Makanjira. Mfumu Makanjira idali ndi mfuti komanso zombo zake, ndipo siinkaopa mzungu. Mu Disembala 1891, Kaputeni Cecil Maguire adaphedwa pomwe ankafuna kuononga zombo za mfumuyi atakwera sitima ya kampani ya Mandala yotchedwa Domira.

Azungu adaona kuti wolamula nyanja ndiye wolamula malonda ndi mafumu a m'mphepete mwake. Apa mpamene padayambira mpikisano wobweretsa sitima zachitsulo zokhala ndi mizinga.

Pa 1 Julaye 1890, Britain ndi Germany adasainirana pangano la Heligoland-Zanzibar logawana madera a kum'mawa kwa Africa. Gawo lalikulu la dziko lomwe lero ndi Tanzania lidapita kwa Ajeremani, kuphatikizapo gombe la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja ya Malawi. Choncho nawonso adafuna sitima yawo.

Mwini dzina

Sitimayi idatchedwa dzina la Hermann von Wissmann, msilikali wa ku Germany yemwe adabadwa mu 1853. Iye adayendapo kudutsa Africa kuchoka kumadzulo kufika kum'mawa, ndipo mu 1889 ndiye adatsogolera asilikali omwe adathetsa kuukira kwa Abushiri m'mbali mwa nyanja yamchere. Abushiri adanyongedwa ku Pangani mu Disembala chaka chomwecho.

Kwawo ankamutama ngati ngwazi yothetsa ukapolo, koma anthu a m'midzi yomwe asilikali ake adaotcha ankamudziwa ngati munthu wankhanza. Chifanizo chake chomwe chidali mumzinda wa Dar es Salaam chidasamutsidwira ku Hamburg nkhondo itatha, ndipo ophunzira a pa yunivesite adachigwetsa mu 1968.

Ndalama za ulendo wa sitimayi zidachokera kwa anthu wamba a ku Germany, kudzera m'zopereka komanso mpikisano wa lotale womwe udakonzedwa m'dzina lothetsa ukapolo.

Sitima yobwera m'mitolo

Sitimayi idapangidwa ku Hamburg ndi kampani ya Janssen & Schmilinsky. Poti kulibe njira yoti sitima n'kuyenda pamadzi kuchoka ku nyanja yamchere kufika ku nyanja ya Malawi, amisiri adaipanga mwa zidutswazidutswa, chilichonse ndi nambala yake, kuti ikalumikizidwe ikafika.

Poyamba cholinga chidali choti ipite ku nyanja ya Victoria. Koma mu Ogasiti 1891 ankhondo a mfumu Mkwawa ya Ahehe adagonjetsa gulu la asilikali a Ajeremani pa Lugalo, ndipo kupeza anthu zikwizikwi onyamula katundu kudutsa m'dzikolo kudavuta. Mapulani adasintha. Mu 1892 zitsulo zija zidatsitsidwa pa doko la Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja yamchere, n'kuyamba kukwera Zambezi ndi Shire.

Vuto lidali mathithi. Kuchokera ku Chikwawa kufika ku Matope, Shire sayendeka ndi ngalawa chifukwa cha mathithi monga Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula. Apa katundu yense amayenera kutsitsidwa n'kunyamulidwa pamutu ndi paphewa, kukwera chitunda chopita ku Blantyre, kenako kutsetserekanso kukafika kumtunda kwa mathithi. Zolemera kwambiri, monga mbali za injini, ankazikoka pa ngolo ndi zingwe. Odzipereka thukuta pa ntchitoyi adali anthu a kuno konkuno.

Ntchito yolumikiza idachitikira pa Mpimbi, m'mbali mwa Shire kumtunda kwa Matope. Amisiri ankatenthetsa misomali yachitsulo pamoto mpaka kufiira, n'kuikhomera m'mabowo olumikiza malata okhuthala a sitimayo. Msomali ukazizira unkakoka malatawo kuti agwirane zolimba, madzi osalowa. Mu 1893 sitima idalowa m'madzi, idadutsa nyanja ya Malombe, n'kukamalizidwa ku gombe la kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. Kaputeni wake woyamba adali Max Prager, yemwe pambuyo pake adalemba buku la ulendowu.

Mapangidwe ake

Hermann von Wissmann idali yotalika pafupifupi mamita 26, lomwe ndi theka chabe la Ilala yomwe anthu a m'mbali mwa nyanja amaidziwa. Thupi lake lidali lachitsulo ndipo inkayenda ndi nthunzi.

Kayendedwe kake kadali kotere: anyamata a ku ng'anjo ankaponya nkhuni pamoto usana ndi usiku, moto n'kuwiritsa madzi mu thanki yaikulu yachitsulo. Nthunzi yotuluka mwamphamvu inkakankha injini, injini n'kuzunguza chopalasira cha kumbuyo kwa sitima. Malasha kudalibe, choncho sitima zonse za pa nyanjayi zinkadya nkhuni. Zinkaima m'madoko osiyanasiyana kukatenga milu ya nkhuni yomwe anthu a m'midzi ankadula ndi kusanja pagombe. Sitima yopanda nkhuni idali ngati ngolo yopanda ng'ombe.

Chida chake chachikulu chidali mzinga waung'ono. Poyerekeza ndi sitima zankhondo za pa nyanja zamchere, imeneyi idali kamwana. Mwachitsanzo, sitima zaliwiro za mtundu wa destroyer zomwe Germany idapanga m'zaka za m'ma 1930 zidali zotalika mamita oposa 110, ndipo iliyonse inkanyamula asilikali oposa 300. Koma pa nyanja yomwe adani ake adali zombo zamatabwa zodalira mphepo, sitima yachitsulo yoyenda molimbana ndi mwera kapena mpoto idali chilombo choopsa.

Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku idali yonyamula makalata, katundu, asilikali, amishoni ndi akuluakulu a boma. Inkayenda pakati pa Langenburg, malo omwe Wissmann adakhazikitsa kumpoto kwa nyanja mu 1893, ndi madoko ena monga Wiedhafen, lero Manda, ndi Sphinxhafen, lero Liuli. Inkafikanso ku Fort Johnston, lero Mangochi, poti katundu wa Ajeremani ankadzera mu Shire. Pa maulendo amenewa inkadutsa m'madzi a pakati pa gombe la Salima ndi kwa Makanjira.

Abwenzi a mbale imodzi

M'zaka zoyambirira, Angerezi ndi Ajeremani adali pa chibale pa nyanjayi. Chaka chomwe sitima ya Wissmann idalowa m'madzi, Angerezi nawo adalowetsa sitima zawo zankhondo ziwiri, Pioneer ndi Adventure.

Chakumapeto kwa 1895, Harry Johnston, yemwe ankatsogolera boma la atsamunda kuno, adakonza nkhondo yothana ndi Mlozi, wogulitsa akapolo yemwe adamanga linga pafupi ndi Karonga n'kumasautsa Angonde. Sitima za Angerezi sizikadakwanitsa kunyamula asilikali onse ndi mizinga, choncho Ajeremani adathandiza ndi sitima yawo. Linga lidagwa, ndipo Mlozi adanyongedwa mu Disembala 1895.

Mu 1899 Angerezi adalowetsa m'madzi sitima yaikulu kuposa zonse pa nthawiyo, Guendolen, yolemera matani 340. Idatchedwa dzina la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain. Nayo idabwera m'mitolo n'kulumikizidwa ku Fort Johnston.

Pofika 1914, Guendolen inkayendetsedwa ndi Kaputeni Edmund Rhoades, pomwe Hermann von Wissmann inkayendetsedwa ndi Kaputeni Berndt. Awiriwa adakhala pa nyanja zaka zambiri, ankachezerana ndi kumwera limodzi sitima zawo zikakumana padoko.

M'bandakucha wa ku Liuli

Uthenga wa nkhondo udafika ku Zomba pa lamya. Bwanamkubwa George Smith ndi akuluakulu a asilikali adaona msanga pomwe padagona ngozi. Malire a Nyasaland ndi dziko la Ajeremani adali pa mtsinje wa Songwe, kumpoto kwa Karonga, pomwe asilikali a King's African Rifles adali kum'mwera. Msewu wa galimoto wofika ku Karonga kudalibe. Njira yachangu idali nyanja basi. Koma sitima yodzaza asilikali ikadakumana ndi mzinga wa Ajeremani pakati pa nyanja, anthu mazanamazana akadamira.

Rhoades adalamulidwa kukafunafuna sitima ya mnzake uja ndi kuiononga. Guendolen idanyamuka ku Fort Johnston, idaloza kumpoto mpaka ku Nkhata Bay, kenako idaoloka nyanja usiku. Kutacha, chapakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, idatulukira pa Sphinxhafen, doko lomwe lidatchedwa choncho chifukwa cha thanthwe looneka ngati chifanizo chotchuka cha ku Egypt.

Kumeneko adapeza Hermann von Wissmann ili pamtunda. Adali ataikokera pagombe kuti aikonze, monga zimafunikira kwa sitima iliyonse yachitsulo kuti dzimbiri lisaidye. Sikadatha kuthawa ngakhale kubwezera.

Guendolen idayamba kuomba ili pa mtunda wa pafupifupi mamita 1,800. Zipolopolo zake zidali zokhalitsa, ndipo chomwe chidamenya pomwe padali sitimayo chidali chimodzi chokha.

Dokotala Meredith Sanderson, yemwe adali m'sitima ya Guendolen tsikulo ndipo amadziwikanso ndi mabuku ake a chilankhulo cha Chiyao, adalemba zomwe zidatsatira. Berndt adakwera kabwato n'kupalasa molunjika ku Guendolen ali wolusa, akuganiza kuti mnzakeyo waledzera. Uthenga wa nkhondo udali usadamupeze. Adaumva koyamba atakwera m'sitima ya Angerezi, pomwe adauzidwa kuti tsopano ndi mkaidi. Paja akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: sitima yomwe idathandiza kugwira Mlozi idagwidwa ndi omwe idawathandiza.

Angerezi adachotsa mzinga ndi zitsulo zina zofunika za injini, n'kuisiya sitimayo pomwepo. Nyuzipepala ya The Times ya ku London idalengeza za chipambano cha pa nyanja ya Nyasa, ndipo mpaka lero ambiri amati iyi ndiyo idali nkhondo yoyamba ya pamadzi pa nkhondo yonseyo. Zoona zake n'zakuti pa 5 Ogasiti sitima za Angerezi zidali zitamiza kale sitima ya Ajeremani yotchera mabomba, Königin Luise, ku North Sea. Komabe pa nyanja za mkati mwa Africa, mzinga wa pa Liuli ndiwo udali woyamba.

Chomwe chidasintha

Nkhaniyi imamveka ngati nthabwala, koma zotsatira zake zidali zazikulu. Nyanja itakhala m'manja mwa Angerezi okha, sitima zawo zidatutira asilikali ku Karonga popanda chowaopsa. Pa 9 Sepitembala 1914 Ajeremani adaukira boma la Karonga, ndipo adapeza asilikali a Kaputeni Barton ali kale m'derali. Nkhondo idakula, Ajeremani adabwerera atataya anthu ambiri ndi mizinga. Ochuluka mwa ophedwa mbali zonse ziwiri adali asilikali achikuda.

Magazi a ku Karonga ndiwo adachititsa mbusa John Chilembwe kulembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914. Iye adadandaula kuti anthu osauka akutumidwa kukafera nkhondo yomwe si yawo, n'kusiya amayi amasiye ndi ana amasiye. Pa 23 Januwale 1915 adayambitsa kuukira kwake, ndipo adaphedwa pa 3 Febuluwale.

Ajeremani sadaitaye mtima sitima yawo. Mphekesera zitamveka zoti akuikonza, Angerezi adabwereranso ku Sphinxhafen pa 30 Meyi 1915. Ulendo uno sitima zidatsogoleredwa ndi George Dennistoun wa gulu lankhondo la pamadzi la Britain. Asilikali a King's African Rifles adatsika pagombe, adathamangitsa olondera, ndipo adaphulitsa sitimayo ndi mabomba kuti isayendenso.

Ku nyanja ya Tanganyika zinthu zidayenda mosiyana. Kumeneko Ajeremani adayamba ndiwo kumenya, ndipo adalamula nyanjayo kwa chaka ndi miyezi ingapo. Angerezi adachita kunyamula maboti awiri ankhondo, Mimi ndi Toutou, kuchokera ku London kudzera ku Cape Town ndi ku Congo. Sitima yotchedwa Hedwig von Wissmann, dzina la mkazi wa Wissmann, idamizidwa pa 9 Febuluwale 1916. Izi zikuonetsa zomwe zikadatha kuchitika kuno Berndt akadamva uthenga wa nkhondo Rhoades asadaumve.

Mtolo udagwera amtengatenga

Mu Meyi 1916, Jenerali Edward Northey adayambitsa ulendo wolowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja. Chakudya, zipolopolo ndi mankhwala zinkayenda pa sitima kuchokera ku Fort Johnston. Ngakhale Chauncy Maples, sitima ya mishoni ya Anglican, idatengedwa ndi boma kuti izinyamula asilikali.

Koma sitima imathera pagombe. Kuchoka apo, katundu yense ankanyamulidwa pamutu kukwera mapiri a Livingstone ndi kupitirira. Boma lidalamula mafumu kupereka amuna, ndipo okana ankasakidwa usiku ngati nyama. Olemba mbiri amati amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland adagwira ntchito ya mtengatenga, ndipo pafupifupi 19,000 adali asilikali, m'dziko lomwe anthu ake adangopitirira pang'ono 1 miliyoni.

Madera a m'chigawo chapakati sadapulumuke. Kale njanji isadafike ku Chipoka ndi Salima mu 1935, Domira Bay ndi Nkhotakota ndiwo adali madoko a chigawochi, ndipo midzi ya kumtunda idapereka amuna komanso chimanga. Ambiri adafa ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala. Kumudzi minda idatsala ndi amayi ndi nkhalamba. Nkhondo ikutha mu 1918, kudagwanso mliri wa fuluwenza womwe udapulula anthu.

Anthu adaitcha nkhondoyi ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza. Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adatula zida ku Abercorn, lero Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918. Magule a beni, malipenga ndi mganda, omwe ovina ake amaguba ngati asilikali, adafala kwambiri m'mbali mwa nyanja nkhondoyi itatha.

Chipilala cha ku Zomba chili ndi maina a asilikali a King's African Rifles, koma amtengatenga ambiri adaikidwa m'manda osalembedwa. Mu 2021, bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a mu Africa, sadakumbukiridwe ndi maina monga zidachitikira kwa azungu, ndipo boma la Britain lidapepesa.

Mathero a sitima ziwiri

Hermann von Wissmann sidathere pa Liuli. Angerezi atalanda gombe la kum'mawa adaikonza, adaitcha King George, ndipo idayamba kutumikira omwe adaiphulitsa. Nkhondo itatha idagulitsidwa n'kukhala yonyamula katundu wa malonda kwa zaka zambiri.

Guendolen idaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1940. Mzinga wake udaikidwa pafupi ndi chipilala cha wotchi cha Mfumukazi Victoria pa boma la Mangochi, pomwe palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira pa sitima ya Vipya mu 1946. Chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, yomwe imafotokoza mbiri ya sitima za pa nyanjayi.

Funso lomwe lidatsala

Pangano la 1890 lija lidati malire a dziko la Ajeremani adzere m'gombe la kum'mawa kwa nyanja. Pa mfundo imeneyi mpomwe Malawi yakhala ikuimirira ponena kuti madzi onse a kumpoto ndi ake. Tanzania yakhala ikunena kuti malire ayenera kudutsa pakati pa nyanja, ndipo mwa zina imakumbutsa kuti Ajeremani adali ndi madoko komanso sitima yawo pa madziwo popanda wowaletsa.

Mkanganowu udabukanso mu 2012, boma la Malawi litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja chaka cha 2011. Maiko awiriwa adapempha gulu la atsogoleri opuma a m'chigawo chino cha Africa, lotsogoleredwa ndi Joaquim Chissano wa ku Mozambique, kuti liwayanjanitse.

Kwa banja lomwe limadalira usipa, utaka ndi chambo, nkhaniyi ndi yokhudza mphika. Malire ndiwo amanena komwe msodzi angaponye ukonde osamangidwa, doko lomwe sitima ingaime, komanso amene angalole kapena kukana kukumba mafuta m'madzi omwe anthu amamwa. Mafunso amenewa adayamba ndi mzere womwe azungu adalemba ku Berlin mu 1890, zaka zitatu sitima ya Wissmann isadalowe m'madzi pa Mpimbi.